Gadiyani wa a Kampira

Nkhani iyi amakambirana ophunzira udokotala magetsi akazima ku hositelo, mabuku atatsekedwa, aliyense atasendera pafupi ndi mbaula. Ena amaithira mchere wambiri, koma ine ndikuuzani monga momwe inamuchitikira Sekanawo Mkwapatira, chaka chimene ankaphunzira za matenda a maganizo.

Unali mwezi wa Juni. Sekanawo anatumizidwa kuchipatala chachikulu cha boma lina la kumapiri kuti akaphunzire kwa Dokotala Nyirongo, mayi wamfupi, wa timvi tochepa, wosafulumira pakamwa. Kamodzi pamwezi mayiwa ankapita kukachipatala kena ka kuseri kwa mapiri, kumene anthu ovutika maganizo ankasonkhana kudzaonedwa ndi kulandira mankhwala. Ulendo uno anamutenga Sekanawo.

Ananyamuka m'mawa, nkhungu itaphimba minda ya mbatata moti ngakhale mitengo ya m'mbali mwa msewu inkaoneka ngati anthu oimirira. Dalaivala ankayendetsa pang'onopang'ono, magetsi a galimoto ali chiyakire. Dokotala anakhala kutsogolo atafunda shawelo, akuphunzitsa osacheuka.

"Munthu akabwera akubwebweta, usathamangire kunena kuti ndi misala," anatero. "Uyambe wamugwira pamphumi. Mwina ndi malungo akwera kumutu, mwina shuga watsika, mwina ndi chidakwa chimene chasiya mowa mwadzidzidzi. Thupi likakhala kuti lili bwino, ndiye ufunse za tulo, za kudya, za zinthu zimene zinkamusangalatsa kale. Ufunse ngati amamva mawu amene anzake sawamva. Ndipo usachite manyazi kumufunsa ngati anaganizapo zodzipha. Ambiri amaliopa funso limenelo, koma silinaphepo munthu."

"Nanga wodwala akamakana zonse, adokotala?" anafunsa Sekanawo ali kumbuyo.

"Ndiye pofunika gadiyani pamenepo, mbale amene wabwera naye. Iye amaona zimene mwini wake amabisa. Usatseke nkhani usanamumve gadiyani."

Atangowoloka mlatho wamatabwa, Sekanawo anaona mayi wina akuyenda m'mbali mwa msewu, kulowera komwe iwo ankapita. Anali atafunda chitenje chobiriwira kumutu. M'manja munalibe kanthu, kumbuyo kunalibe mwana. Dalaivala anaimba hutala pang'ono natsitsa galasi.

"Mayi, ngati ulendowu ndi wa kuchipatala, kwerani!"

Mayiyo sanacheuke, sanapatukenso. Galimoto inachita kumulambalala, nkhungu n'kumumeza. Dalaivala anapukusa mutu.

"Mayi wa kuno kuyenda chimanjamanja m'mawa ngati uno? Ngakhale kakhasu?"

Nkhani inafera pomwepo.

Kuchipatalako anapeza anthu atadzaza kale pakhonde, ena atafunda mabulangete. Anawapatsa kachipinda ka kumapeto, ka zenera limodzi, tebulo, mipando iwiri ndi benchi. Dokotala anamusiya Sekanawo kuti azifunsa, iwo akumvetsera. Woyamba anali mphunzitsi wina amene anali asanagone kwa masiku, koma wosatopa, akulankhula ngati mvula ya matalala, akulonjeza kuti amangira boma lonse mafakitale. Mkazi wake ananena kuti chaka chatha bambo yemweyo anakhala miyezi osafuna kutuluka m'nyumba. Dokotala anamuuza Sekanawo monong'ona kuti awa ndi matenda aja okweza munthu m'mwamba kenako n'kumugwetsa pansi. Panabweranso mayi amene mtima unkamuthamanga mpaka kubanika, naganiza kuti akufa, chonsecho mtima wake unali wabwinobwino, inali nkhawa. Gogo wina achibale ake anabwera naye atamangidwa manja ndi mpango chifukwa ankaona njoka padenga. Sekanawo atamugwira anapeza thupi lili moto, ndipo magazi atayezedwa anapezeka malungo. Dokotala anangogwedeza mutu, ndipo kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira kokwana.

Dzuwa silinatuluke tsiku lonse. Pofika masana ndithu khonde linali litatsala pang'ono kuuma anthu, ndipo kunayamba kuwaza kamvula kopyapyala, kosamveka n'komwe pamalata. Namwino anabwera kudzaitana Dokotala kuti akaone mayi wina amene anasokonezeka atangochira kumene.

"Watsala mmodzi," anatero Dokotala akutuluka. "Yamba naye. Ndikupeza."

Wotsalayo anali bambo wachikulire, wamtali, wovala jekete lomukulira. Analowa mwakachetechete nakhala pabenchi, chipewa chili pamaondo. Anati dzina lawo ndi a Zakeyu Kampira. Sekanawo anadzuka natseka chitseko chifukwa cha mphepo. Atakhala pansi n'kutukula maso, anaona kuti chitsekocho chatseguka pang'ono, mpata woti munthu n'kudutsa chammbali. Anaganiza kuti loko ndi wakutha. Anadzukanso nachikankha mpaka chinalira.

Potembenuka m'pamene anaona kuti sali awiri. Pansi, pakona ya kuseri kwa chitseko, panali patakhala mayi, miyendo atatambasula monga amakhalira amayi a kumudzi, manja ali pamiyendo. Chitenje chobiriwira chinali chitaphimba mutu ndi mbali ya nkhope, ndipo kuwala kwa pazenera sikunkafika pakonapo. Mapazi okha ndi amene ankaoneka bwino, odzaza dothi lofiira. M'chipindamo munayamba kumveka fungo la nthaka yonyowa, ngati la munda wongolimidwa kumene.

Sekanawo anachizindikira chitenjecho. Anadabwa pang'ono, koma anadziuza kuti anthu a kumapiri amadziwa njira zachidule.

"Pepani mayi, sindinakuoneni polowa. Bwerani mukhale pabenchi, pansipo pakuzizira."

"Pano pali bwino," anayankha mayiyo. Mawu ake anali otsika, osathamanga.

A Kampira anadzutsa mutu namuyang'ana Sekanawo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana pakona, nabwezanso maso pachipewa chawo.

Sekanawo anayamba monga anaphunzitsidwira. Anawagwira pamphumi, thupi silinali lotentha. Anawafunsa tsiku, mwezi ndi malo amene ali, nayankha zonse molondola. Mowa anati anasiya ali mnyamata.

"Nanga chakubweretsani n'chiyani, bambo?"

"Palibe. Andikakamiza chabe."

"Mumagona bwino?"

"Ndimagona."

"Akunama," anatero mayi uja ali pakona, mosakweza mawu. "Amadzuka tambala asanalire, n'kukakhala pakhonde mpaka kucha. Chakudya amangotsina kawiri, chotsala amapatsa galu. Onani jeketelo. Linkawathina limenelo."

"A Nangozo," anatero bamboyo mofatsa, atacheukira pakona, "tasiyani zimenezo."

"Sindisiya," anatero mayiyo.

Sekanawo anamwetulira mumtima. Anali ataona kale mabanja otere tsiku lomwelo, mwamuna akubisa, mkazi akuulula. Anatembenuza mpando wake pang'ono kuti aziwaona onse awiri.

"Pitirizani, mayi. Zinayamba liti?"

"Mvula ili pakati. Munda wa mbatata anausiya, udzu wamera mpaka m'chiuno. Kwaya ya kutchalitchi anasiya, chonsecho ndiwo ankatsogolera nyimbo. Akakhala amangoti ine ndine katundu, ndikulemetsa ana. Sabata yathayi wailesi anapatsa mnansi, njinga anapatsa mkamwini, mbuzi anagawira adzukulu. Munthu wogawa zinthu chonchi amakhala akupita kuti?"

Apa Sekanawo anasiya kumwetulira. Kusowa tulo m'bandakucha, kuwonda, kutaya chidwi, kudziona wachabechabe, zonsezi zinkaloza kumatenda a kukhumudwa kwakukulu. Koma kugawa katunduko ndi kumene kunamuopsa kwambiri. Kunja nkhuku ina inafika pazenera, inasuzumira, n'kuthawa ikutetera ngati yaona mphamba. Anafunsabe funso lotsatira, kuti asadumphe kanthu.

"Bambo, kodi nthawi zina mumamva mawu amene anthu ena sawamva?"

A Kampira anamuyang'ananso, maso ali mwaa.

"Kodi inuyo mukuwamva?"

"Ayi, ndikufunsa inuyo, bambo. Mawu a munthu amene palibe."

Bamboyo anacheukira pakona.

"Mwana wanga," anatero mayi uja, ndipo ulendo uno mawu anamveka pafupi, ngati ali kumbuyo kwa khutu la Sekanawo, ngakhale mwini wake anali asanasunthe pakona, "amuna angawa si amisala. Afunseni chimene asunga m'denga la khola la nkhunda. Anagula tsiku la msika. Akudikira kuti mwana wathu Esinati apite kwa apongozi ake Loweruka, nyumba itsale yokha."

"A Nangozo!" Bamboyo anaimirira, chipewa n'kugwa pansi. "Ndinakupemphani ine!"

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, Dokotala Nyirongo n'kulowa akukutumula madontho pashawelo. Anayang'ana bamboyo, nayang'ana Sekanawo.

"Khalani pansi, bambo, musaope. Sekanawo, ndiuze zimene wapeza."

Sekanawo anafotokoza mwadongosolo, mawu akumuthamanga pang'ono. Thupi lili bwino, nzeru zili bwino. Zizindikiro zonse ndi za kukhumudwa kwakukulu, kwa miyezi ingapo. Za kumva mawu sanayankhe bwino, koma iye sanaone chilichonse chosonyeza zimenezo. Choopsa n'chakuti bamboyo akonza zodzichotsera moyo, ndipo gadiyani wanena malo amene abisa chinthucho ndi tsiku lomwe.

"Sunaone chosonyeza kuti amamva mawu?" anafunsa Dokotala pang'onopang'ono. "Ine ndinaima pazenerapo kanthawi ndisanalowe. Bambowa amacheukira kukhoma n'kumalankhula."

"Amalankhula ndi akazi awo, adokotala."

"Ali kuti?"

Sekanawo analoza pakona. Panalibe munthu. Panali tsache lokha, loyedzamira khoma, ndi simenti youma.

"Atuluka pamene inu mumalowa," anatero, koma mawu ake sanamukhutiritse ngakhale mwini wake. Khomo linali limodzi, ndipo Dokotala anali ataima pomwepo.

Asanayankhulenso wina, kunamveka odi. Analowa mayi wachitsikana, mwana ali kumbuyo, akupuma mofulumira.

"Pepani adokotala, ndinali kusikelo ndi mwanayu, mzere unatalika. Ndine Esinati, awa ndi bambo anga. Ndabwera nawo ndine."

"Mwabwera awiri basi?" anafunsa Dokotala.

"Awiri, ndi mwanayu. Ndawabweretsa chifukwa akumalankhula okha. Chimwalirireni amayi mu Febuluwale, amakhala pakhonde n'kumacheza ngati pali munthu. Anthu akumudzi ayamba kunena kuti apenga."

"Mayi anu dzina lawo anali ndani?"

"Ankatchedwa a Nangozo."

Mwana wa kumbuyo uja, amene anali mtulo, anadzuka nayang'anitsitsa pakona paja, osalira, osaphethira. Fungo la nthaka yonyowa lija linali likadalipo, koma likuchepa.

Dokotala Nyirongo sanafunse china chilichonse za pakonapo. Anakoka mpando nakhala moyang'anizana ndi a Kampira, maondo awo atatsala pang'ono kugundana.

"Bambo, anthu ambiri amene ataya wokondedwa amamumva akulankhula, ena amamuona kumene. Zimenezo pazokha si misala, ndipo ine sindikutchani wamisala. Koma ndikufunsani funso limodzi, ndipo mundiyankhe ngati munthu wamkulu mnzanga. Kodi mwakhala mukuganiza zodzipha?"

Esinati anagwira pakamwa. A Kampira anaweramitsa mutu. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Tinakwatirana ndili wosauka, ndilibe ndi nsapato zomwe," anatero. "Ndimati ndikawapeze. Koma iwo akukana. Tsiku lililonse akukana. Ndinawapempha kuti asauze munthu."

"M'khola la nkhunda muli chiyani?"

"Tameki," anatero bamboyo, kutchula mankhwala ophera makoswe aja.

Esinati anakhala pansi pomwepo nayamba kulira, mwana ali kumbuyo. Dokotala anamusiya alire pang'ono, kenako anamuuza mofatsa kuti bambo ake ali ndi matenda odziwika, ochizika, ndipo apita nawo kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo kuti akayambe mankhwala ndi kukhala pamaso pa anthu. Koma choyamba adzera kumudzi, akachotse chinthucho, chifukwa pakhomopo pamasewera ana.

Ali pakhonde kudikira galimoto, Dokotala anamukokera Sekanawo pambali namugwira pamphumi.

"Unagona bwino dzulo?"

"Ndinagona."

"Wadya?"

"Ndadya, adokotala."

"Zoterezi zinakuchitikirapo? Kwanu alipo amene anadwalapo maganizo?"

"Ayi. Adokotala, kodi ndayamba kudwala?"

"Chizindikiro chimodzi, tsiku limodzi, si matenda. Ndikuyang'anira masabata akubwerawa, ndipo ukamva kapena kuona chilichonse undiuze, usabise." Anayang'ana nkhungu. "Mwina bambowa ananong'ona okha zinthu zimenezi, iwe n'kuzimva, mutu wako n'kuzipatsa mwini. Zimatheka."

"Inuyo mukukhulupirira zimenezo?"

"Ndati zimatheka," anatero Dokotala. "Kwera galimoto."

Anafika kumudziko chakumadzulo, kamvula kaja kakuwazabe. Nyumba ya a Kampira inali kumapeto, pafupi ndi nsungwi, chitseko chili chokhoma monga anachisiyira m'mawa. Khola la nkhunda linali kuseri, pamitengo inayi. Chodabwitsa, nkhunda zonse zinali panja, zitandandalika padenga la nyumba, zikunyowa, osalira ngakhale imodzi. Mwamuna wa Esinati anaitanidwa, nakwera pampando n'kupisa dzanja m'udzu wa denga la kholalo. Anafufuza mbali iyi, nafufuza mbali inayo.

"Mulibe kanthu muno."

"Muli," anatero a Kampira ali m'galimoto. "Kudzanja lamanja, pamwamba pa khomo."

"Ndapisamo, bambo. Muli dzenje chabe."

Anali dalaivala amene anachiona. Anangoloza. Pakati pa bwalo panali mtondo wovundikira, ndipo pamwamba pake panali kapepala kokulunga, komangidwa ndi luzi. Onse anali atadutsa pafupi ndi mtondowo polowa. Dokotala anakatola ndi mpango. Mtondo wonse unali wonyowa, madzi akutsetsereka m'mbali, koma kapepalako kanali kouma ngati kangochoka m'thumba la munthu.

Esinati anayang'ana mtondowo, nayang'ana kunsungwi, kumene kanjira kankalowera kumanda. Anangogwada pamatope pomwepo, naomba m'manja mofatsa, monga amachitira mwana polandira chinthu kwa mayi ake. Nkhunda zija zinayamba kutsika imodziimodzi kulowa m'khola.

Kenako anauyamba ulendo wobwerera. Dalaivala, amene m'mawa ankaimba tinyimbo, anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso ali kutsogolo, ndipo sanayang'ane m'mbali mwa msewu mpaka anafika pamsewu wa tala.

A Kampira anagonekedwa m'chipatala chachikulu. Masiku oyamba ankangoyang'ana khoma. Sekanawo ankapita kukawaona tsiku lililonse, nthawi zina kukangokhala nawo osanena zambiri. Iyenso ankadziyang'anira yekha ngati wodwala: ankamvetsera ngati amva mawu m'bafa, ankacheukira m'makona a chipinda chake asanakhale pansi. Sanamve kanthu, sanaonenso kanthu. Dokotala ankamufunsa Lolemba lililonse, iye n'kuyankha kuti kuli zii, mpaka anasiya kumufunsa.

Mankhwala a matenda amenewa sagwira msanga. Patapita masabata, bamboyo anayamba kumaliza chakudya. Kenako namwino anadandaula kuti akumagona mpaka dzuwa kutuluka, osamva belu la phala. Tsiku lina Sekanawo anawapeza panja, atakhala padzuwa, akuphunzitsa odwala anzawo awiri nyimbo ya kwaya, akuwakalipira kuti akulowa mochedwa.

Tsiku lotuluka, Esinati akumanga katundu, Sekanawo anawafunsa mafunso omaliza monga mwa lamulo. Tulo, kudya, maganizo odzipha. Onse anayankha bwino, akumuyang'ana m'maso. Anati akufuna akaone ngati mbatata ina ingapulumuke m'munda muja, ndipo njinga akaibwereka kwa mkamwini, poti kulanda sangalande.

Linatsala funso limodzi. Sekanawo analizengereza, kenako analifunsa.

"Nanga mawu aja, bambo? Mukuwamvabe?"

"Ayi. Anasiya."

Sekanawo anapeza kuti mtima wake sunakondwe monga amayenera kukondwera dokotala akamva yankho lotero.

"Pepani," anatero, osadziwa bwino chimene akupepesa. "Mwina ndi mankhwala athuwa awathamangitsa."

A Kampira anaseka pang'ono, koyamba chiwadziwireni Sekanawo.

"A Nangozo kuthamangitsidwa ndi kam'bulu kakang'ono ngati kaja? Simukuwadziwa inu. Ine ndinalephera kuwathamangitsa m'khitchini mwawo zaka zonse zija." Anavala chipewa, naimirira. "Sanathawe, adokotala. Anabwera m'wodi muno tsiku limene ndinamaliza mbale yonse. Anaima kumiyendo kwa bedi, nandiyang'ana ndikudya mpaka ndinatsuka m'manja. Atatero anati, 'Basi, a Kampira, ine ndatopa, ndikukapuma. Musafulumire.' Anatsanzika bwinobwino, ngati munthu."

Anamugwira Sekanawo dzanja ndi manja awo onse awiri, natuluka, mwana wawo ali patsogolo ndi katundu pamutu. Sekanawo anawaperekeza ndi maso mpaka pageti. Anayenda awiri okha, ndipo bamboyo sanacheuke.

Nkhani yake ndi imeneyo. Makala atha, tiyeni tizikagona.